Milongoti ya Nguluwe

Chaka chimenecho mvula inadula msanga, njala n'kulowa m'thengo mosaodira. Gologolo anaonda mpaka mchira n'kumaoneka ngati ndiwo mwini thupi. Mtedza kunalibe, masuku anali atatha kalekale, ndipo khasu iye ankangolimvera kwa anzake.

Tsiku lina ali pa nthambi ya mkuyu anaona Nguluwe ndi mkazi wake Nachisale akuthirira dimba lawo m'mbali mwa mtsinje. Anali atabzala nyemba zoyanga, ndipo zinali zitayamba kale kufunafuna pogwira. Nachisale anali ataunjika mapesi ndi timabango tatifupi, monga ankachitira chaka ndi chaka, kuti nyemba zikabereka iwo ndi ana awo azingothyola ndi pakamwa. Gologolo anameza malovu. Koma nyemba zapafupi ndi mphuno ya nguluwe sizibeka, pakuti mwini wake amaswera pomwepo ndipo mano akewo si oseweretsa.

Mwayi wa Gologolo, Nguluwe anali ndi nthenda imene thengo lonse linkaidziwa. Sankalola kuti Njiri, mnansi wake wa kutsidya kwa mtsinje, amupose pa chilichonse, ngakhale pa kutsokomola.

Gologolo anatsika, anasalaza mchira, n'kupereka moni wogwada. Anadzitchula kuti ndi mlangizi wa zaulimi woyenda maiko ambiri, chikhalirecho kutali kumene anafikako kunali pa mkuyu womwewo. Kenako anazungulira mapesi aja akupukusa mutu ngati wafika pamaliro.

"Achikulire, nyemba zanu zikwere mapesi? Inuyo? Kutsidyaku a Njiri azika nsungwi zotalika ngati nkhokwe. Odutsa aziti dimba lino ndi la mwana wamasiye."

Nachisale anafunsa kuti nanga nyembazo zikakwera kumwamba adzathyola ndani, poti mtundu wawo sunakwerepo mumtengo chilengedwere. Nguluwe anamuuza kuti azikhala chete abambo akamakamba za chitukuko. Gologolo anati kumanga luzi pamwamba ndi kuthyola zikhala ntchito zake, ndipo malipiro sakuwafuna, iye amangokondwa akamaona anthu akutukuka. Nachisale anang'ung'udza kuti waganyu wokana malipiro amakhala atadzilipira kale mumtima. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma makutu a Nguluwe anali achikopa chokhuthala.

Nguluwe anapita kuphiri kukadula nsungwi zazitali kuposa zonse, n'kuzikoka mpaka mapewa kusupuka. Anakumba mayenje ndi mphuno, anaimika milongotiyo, ndipo Gologolo anakwera kukapingasa zina pamwamba n'kuzimanga ndi luzi. Odutsa m'njira ankaima n'kumayang'ana kumwamba atagwira pakamwa. Nguluwe ankaima pakati pa dimba atatulutsa chifuwa, akuponya maso kutsidya kuti aone ngati Njiri akuona.

Nyemba zinakwera, zinachita maluwa, zinabereka mochititsa kaso. M'mawa uliwonse Gologolo ankakwera kuti akukayendera mbewu, ndipo ankayendera ndi mano. Nguluwe akafuula kuti kaya zakhwima, yankho linkatsika lothina, la munthu wodzaza m'masaya.

"Sizinakhwime, achikulire. Nyemba zaulemu zimachedwa."

Posakhalitsa makoko opanda kanthu anayamba kugwa, ndipo Nachisale anawatola n'kuwaika patsogolo pa mwamuna wake. Gologolo anatsika, anawanunkhiza, anawatembenuza, n'kulengeza kuti ndi mbewa. Anati mbewazo zimakwerera pa masamba ndi zitheba zam'munsi, choncho mankhwala ake ndi kusadza zonse zam'munsi kuti akubawo asowe popondera. Nguluwe anasadza ndi mtima wonse. Banja linadya khwanya ndi tizitheba masiku ochepa, Nguluwe akutama mlangizi wake kuti wawapezera ndiwo. Zitatha izo, panalibenso tsamba ngakhale limodzi limene nguluwe ikanalifikira.

Njala inaluma. Ana ankalira, nthiti zikuwerengeka, ndipo tsiku lina Nguluwe anatsamira mlongoti kuti augwedeze, mwina zouma zingathothoke. Gologolo ataona izi, lilime silinachedwe.

"Mugwedeze ndithu, achikulire, dimba ndi lanu. Kungoti a Njiri ali chiimire kutsidyako. Aziti njala yafika pomenyanitsa Nguluwe ndi mitengo."

Nguluwe anachoka pamlongotipo msangamsanga. Anakakhala poonekera bwino, anatola kamtengo, n'kuyamba kutokosa m'mano ngati wakhuta nyama, m'mimba mukulira ngati ng'oma.

Apa Gologolo anaona kuti dziko ndi lake. Ananenepa mpaka khosi kusowa, ndipo kutsika ndi kukwera kunayamba kumutopetsa. Anaganiza zomanga chisa pamwamba pomwepo kuti azigona pafupi ndi chakudya. Zofewa zoyala anazipeza pafupi, luzi lomwe lija anamangira nsungwi. Anamasula apa, anatafuna apo, akudziuza kuti mfundo zotsalazo zikwanira. Wokhuta saganiza za mphepo.

Nachisale kuleza mtima kunamuthera. Anauza mwamuna wake kuti ngati nyembazo ndi zoonerera, iye apita ndi ana kukafukula mphutsi ndi mizu, monga ankachitira makolo awo chitukuko chisanabwere. Ndipo m'chilimwe chimenecho dothi lofewa linali pamalo amodzi okha, pamene ankathirira tsiku ndi tsiku, patsinde pa milongoti. Mayi ndi ana anazika mphuno pansi, dothi n'kumauluka.

Gologolo anasuzumira pansi, ubweya n'kuima. Anafuula kuti zimenezo n'zoletsedwa pa ulimi wamakono, ndiponso kuti a Njiri akuona.

"Aone," anatero Nachisale osadzutsa mutu. "Inu alangizi yang'anirani zam'mwambazo. Pansi pano ndi pathu."

Dzuwa litapendeka kunabwera kamphepo, kamphepo wamba kosagwetsa ngakhale chisa cha mpheta. Mlongoti umodzi unapendama n'kukoka unzake. Luzi loti liigwirizitse linali m'chisa. Gologolo analoza nthambi ya mkuyu imene kale ankaifika atatsinzina, analumpha, koma mimba inakana. Chimango chonse chinagwa ndi chiphokoso chimene chinadzutsa mbalame mpaka kutsidya, ndipo mlangizi anapezeka atakodwa m'mayangayanga a nyemba, miyendo m'mwamba. Asanadzimasule, chiboda cha Nachisale chinali chitaponda mchira.

Makoko ambiri anali opanda kanthu, koma otsalawo anali ouma gwa, ena akusweka okha. Nachisale anatola limodzi n'kuligwedeza pafupi ndi khutu la Gologolo.

"Alangizi, izi zakhwima, kapena tidikirebe?"

Gologolo anasiya mayiyo n'kutembenukira kumene kunali kofewa. Anauza Nguluwe kuti milongoti yagwa chifukwa cha nsanje ya a Njiri, ndipo njira yowakhaulitsa ndi kuimika ina yotalika kuposa iyi. Makutu a Nguluwe anaima. Anafika poyamba kunena kuti, "Komatu mayi a ana, mwina…" Nachisale anangomuyang'ana, ndipo mawu otsalawo anawameza.

Gologoloyo sanamuphe ayi. Nachisale anatola chisa chija, anasololamo luzi, n'kumanga Gologolo kukamwa ndi mfundo imene sinkafuna mlangizi. Mchira anaumangirira ku chitsa. Kenako anamuunjikira nyemba zonse zotsala kuti asende, popeza iye mwini analonjeza kuti kukolola ndi ntchito yake ndipo malipiro sawafuna. Gologolo anasenda mpaka zala kutupa, fungo la nyemba likumulowa m'mphuno, ana a nguluwe akutafuna pamaso pake. Pomumasula, mimba ija inali itabwerera kumene inachokera.

Chaka chotsatira nyemba za m'dimbalo zinakwera mapesi, ndipo banja linakhuta. Gologolo mpaka lero amangokalipa ali pamwamba pa mtengo, akugwedeza mchira, popanda womufunsa malangizo. Koma Nguluwe musamumvere chisoni. Aliyense wodutsa amamuimitsa n'kumuuza kuti m'chigwa chonsecho palibe amene milongoti yake inagwapo ndi phokoso lalikulu ngati yake, moti ngakhale Njiri anamva.