Cholembera cha Mpini wa Khasu

Panali munthu wina, mmisiri wa pamsika wa m'mbali mwa msewu, amene ankapanga zolembera zamtengo. Anali ndi makina ozunguza mtengo. Ankamangirira kamtengo pamakinapo, kakayamba kuzungulira iye n'kumakasema ndi tchizulo mpaka kasalale. Dzanja lake linali labwino, zimenezo palibe ankatsutsa. Koma munthu waluso salephera kukhala ndi kamatama kake. Pomaliza penipeni, podula cholembera kuchichotsa ku chitsa chogwidwa ndi makina, iye sankazimitsa makinawo. Ankalowetsa tchizulo chopyapyala makina ali paliwiro, chikhatho china atatchera kunsi, cholembera n'kugweramo ngati chipatso chakupsa. Anthu odutsa ankaima n'kuwomba m'manja, ndipo iye zimenezi zinkamukomera kwabasi.

Tsiku lina m'mawa kunabwera mayi ena amasiye atakulunga chinthu m'chitenje. Atamasula, unali mpini wa khasu, wakalekale, wakuda ndi thukuta, mbali ina utadyedwa ndi chiswe.

"Bambo, khasu lake linali la malemu amuna anga," anatero mayiwo. "Iwo sankadziwa kulemba, moyo wawo wonse ankangodinda chala. Koma khasu limeneli ndi limene laphunzitsa mwana wathu Ndaziona, ndipo Lolemba likubwerali akukayamba uphunzitsi. Ndikufuna akalowe m'kalasi ndi cholembera cha mtengo umenewu."

Mmisiri uja anautembenuza mpiniwo, n'kudula monse mofumbwa. Pabwino panangotsala tizidutswa tiwiri, kalikonse kotalika ngati chikhatho.

"Khalani pabenchipo, mayi, mtima m'malo," anatero akumwetulira. "Tiwiriti tachuluka. Ine kamodzi kandikwana."

Anaboola kachidutswa koyamba pakati, polowa kachubu ka inki. Anakamangirira, n'kuyatsa makina. Utuchi unayamba kuuluka, ndipo posakhalitsa cholembera chinaoneka, chowongoka, chofiirira. Anthu anayamba kuima monga mwa masiku onse. Iye atawaona anatenga tchizulo chopyapyala chija, n'kutchera chikhatho kunsi.

Koma mtengo umene walima zaka makumi atatu ndi wouma mpaka mumtima, supirira ngati wa dzana. Khosi la cholembera litatsala pang'ono kuduka, linapotoka lokha. Cholembera chinagunda tchizulo n'kung'aluka pakati, zidutswa n'kugwera mu utuchi.

Anthu aja anachoka mmodzimmodzi, aliyense ngati wakumbukira kumene amapita. Mmisiri anazimitsa makina, manyazi atamugwira, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo. Zolembera anali ataswapo zambiri, ndipo nthawi zonse ankangotola kamtengo kena m'katoni. Lero kamtengo kenako kanalipo kamodzi kokha padziko lonse lapansi.

Mayi aja sanakalipe. Anawerama, n'kutola zidutswazo, n'kuzipukuta utuchi ndi nsonga ya chitenje. Kenako anayankhula motsitsa, ngati akudziuza okha.

"Eni ake a khasuli anali ndi mphamvu, mzere ankaumaliza anzawo ali pakati. Koma akafika pafupi ndi mmera, khasu ankaligoneka pansi, udzu n'kumazula ndi zala."

Mmisiri anatenga kachidutswa kotsala kaja, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anakaboola modekha, akutulutsa choboolera pafupipafupi kuti mtengo usatenthe. Anakasema pang'onopang'ono, n'kukakhula ndi sandipepa mpaka kanasalala. Tsono inafika nthawi yodula. Analowetsa tchizulo chopyapyala, khosi la cholembera n'kuyamba kuchepa. Linafika ngati chala, kenako ngati msomali. Anyamata awiri ogulitsa nzimbe anali ataima kale, akudikira kuona chogwera m'chikhatho. Dzanja la mmisiri nalo linkafuna kupitiriza, pajatu chizolowezi sichipempha chilolezo.

Iye anabweza tchizulo, n'kuzimitsa makina.

Pamalopo panangoti zii, mpaka wailesi ya telala woyandikana naye inamveka. Anatenga timacheka tating'ono. Dzanja lamanzere linagwira cholembera monga mmene timachirikizira khosi la khanda, lamanja likucheka kamodzikamodzi. Kamtengo kanalekana ndi chitsa popanda phokoso lililonse. Palibe anawomba m'manja. Anyamata a nzimbe anasenza mitolo yawo n'kumapita, ataona kuti lero kulibe choonerera.

Kansonga kotsala anakasema ndi mpeni, n'kukasalaza pamanja. Anapaka phula la njuchi, n'kupukuta ndi kansalu mpaka mizere ya mtengo inaoneka. Atalowetsa kachubu ka inki, anapereka cholemberacho ndi manja awiri.

"Choyamba chija ndakulakwirani, mayi. Sunali mtengo, anali matama anga."

Mayiwo analemba kamzere pachikhatho pawo, ndipo inki inatuluka. Anauyang'ana mzerewo, misozi ili lengelenge. Cholembera anachimanga pansonga imodzi ya chitenje, zidutswa zosweka zija pansonga inayo.

"Ndaziona atenge chathunthuchi," anatero. "Zoswekazi zikhala ndi ine. Ndi mpini womwewo."

Tsono inu amene mukundimva, ambiri mwa inu ntchito mumaidziwa, ndipo mphamvu muli nazo. Ndi mphamvu zimenezo mwalera ana, mwaphunzitsa anthu, mwatsogolera anzanu mpaka aoneka bwino. Koma imafika nthawi yoti chimene mwasema chichoke m'manja mwanu, ndipo pamenepo ndi pamene chimakhala chopyapyala kuposa kale lonse. Mawu amodzi okalipa potsanzikana, kapena kufuna kuti anthu aone kuti ndinu mwachita, zimang'alula ntchito ya zaka makumi awiri. Mukaona kuti patsala ngati msomali, zimitsani makina, mumalize ndi manja. Mmisiri uja anali ndi kachidutswa kachiwiri. Mwana wanu ndi mmodzi yemweyo.