Makina Otsokomola

Namondwe atadutsa, dera lonse linasanduka msika wopanda mwini. Malata anali m'mitengo, matiresi m'ngalande, mipando ili chagada pakati pa msewu. Madzi ataphwa, anthu anatuluka ndi makasu ndi mawilibala kukafukula m'matope, ndipo anapangana chinthu chimodzi: chilichonse chotola chizikatulidwa pabwalo la sukulu kuti mwini wake akachizindikire. Ambiri ankaterodi. Wina ankabweretsa poto, wina chitseko, wina nsapato imodzi yopanda inzake.

A Sipanala, wokonza njinga wa pafupi ndi mlatho, sanali wakuba, tisawanamizire. Shedi yawo inapita ndi madzi, ndipo poyamba ankafukula kufunafuna zida zawo zomwe. Tsiku lina khasu lawo linagunda chitsulo. Atakumba, anaona miyendo yakuda ili m'mwamba, kenako gudumu, kenako mutu wonse wa makina osokera, thebulo lake lokha ndilo linali litathyoka. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe munthu.

Mwini wake ankamudziwa bwino lomwe. Kumtunda kwa mlathowo telala analipo mmodzi yekha, mayi wamasiye amene aliyense ankangoti Mayi Telala. Koma mtima ukafuna chinthu susowa chonena. "Pakanapanda ine, bwenzi akuola m'matope momwemu," anadziuza a Sipanala. "Nanga madzi akanapita nawo, akanakadandaula kwa yani?" Anawafunditsa chiguduli, n'kudutsa njira yakuseri yosadzera kusukulu.

M'kachipinda kosungiramo matayala anawamasula onse, kachitsulo ndi kachitsulo, n'kutsuka ndi palafini. Anathira oyilo, anaika lamba watsopano, anakhoma thebulo la thabwa lina, ndipo utoto wakuda uja anaukwirira ndi wobiriwira. Pa ntchito ya manja bambo aja analibe mnzawo. Chinawakanika n'chimodzi: makinawo akathamanga pang'ono ankati khwe, ngati nkhalamba yotsokomola, ulusi n'kuduka. Anamasulanso, kumanganso, koma chifuwacho chinakana kuchoka.

Akazi awo analakalaka makina kuyambira ali mtsikana. Atawaona ali ngwee pabalaza, anagwira pakamwa.

"Bambo a mwana, mwawatenga kuti?"

"Ndagula kwa munthu wina amene akusamuka. Anali wofulumira, sanavute."

"Ukalamba uno ndiye mwayamba chikondi?" anaseka mayiwo, n'kuvina pang'ono mozungulira thebulo. A Sipanala anaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha.

Mayi Telala ankafika pabwalo la sukulu m'mawa uliwonse, kuvundukula ichi ndi icho, n'kubwerera chimanjamanja. Tsiku lina anakumana ndi a Sipanala pamsewu.

"Achimwene, inu mumafukula chakumlatho. Simunaoneko makina anga? Ngakhale mutu wokha, ine ndingathokoze."

"Madzi aja anali ndi mphamvu, mayi. Zambiri zinapita kutali."

"Zoona," anatero mayiwo. "Zikomo, muziyang'anako."

Apa ndi pamene munthu wanzeru akanabwerera m'mbuyo. A Sipanala anaumitsa khosi, n'kumati nkhani yatha.

Anaiwala kuti mwana wawo wamkazi, chisamba, anali pafupi kukwatiwa, ndipo diresi laukwati linali m'manja mwa Mayi Telala omwewo. Tsiku la madzi lija, mayiwo pothawa anasiya zovala zawo, mabulangete, zonse, n'kusenza pamutu jumbo imodzi yokha, momwe munali diresi la mwana wa eni. Tsopano ankalisoka ndi singano yapamanja atakhala pakhonde la achemwali awo, maso akuchita chidima, masiku akutha. Akazi a Sipanala atawapeza ali choncho chisoni chinawagwira. Anali mayi wa mtima wabwino, wosadziwa kanthu.

"Mukuvutikiranji, anzanga? Kwathu kuli makina, bambo anandigulira. Bwerani mudzasokere konko."

Masana a tsiku limenelo a Sipanala akuchokera kokagula machubu anamva phokoso la makina iwo adakali kumsewu. Sikunali kugogoda kwa akazi awo, koyamba n'kuima. Makina ankayenda tayale, ngati njinga yotsetsereka. Atasuzumira pakhomo anapeza pabalaza padzaza: akazi awo, mwana wawo, mayi ake a mkwati amene anabwera kudzaona diresi, ndipo pampando wa makina panali Mayi Telala, nsalu yoyera ikuyenderera pansi pa zala zawo.

"Lowani, bambo, muone mmene akuimbira makina anu," anatero akazi awo monyadira.

Analowa, n'kuima pafupi ndi chitseko ngati mlendo. Ndipo anaona chimene aliyense anaona. Makina akati atsokomole, dzanja la Mayi Telala linkanyamuka lokha n'kumenya gudumu kamodzi ndi chikhatho, makina n'kupitirira, ulusi osaduka. Mayiwo sankayang'ana n'komwe. Dzanja linkangodziwa nthawi yake.

"Mayi, mwadziwa bwanji zimenezo?" anafunsa mkwatibwi. "Ife takhala tikungodula ulusi, mpaka amayi anatsala pang'ono kulira."

Phazi la Mayi Telala linaima. Anayang'ana dzanja lawo ngati si lawo. Kenako anasisita gudumu lija pang'onopang'ono, chala chawo n'kupeza kamphako kakang'ono m'mphepete, kamene utoto sunathe kubisa. Anakweza maso n'kuyang'ana a Sipanala. Sanawayang'ane mwaukali, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri.

"Makina ambiri amatsokomola, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Munthu umangozolowera."

Anapondanso. Koma misozi inali itayamba kale, ndipo ankaipukuta msanga ndi phewa kuti isagwere pa nsalu yoyera. Akazi a Sipanala, amene anakhalapo kambirimbiri pakhonde la telalayo akudikira zosoketsa, anakumbukira kumenya kwa chikhatho kuja. Anayang'ana gudumu, n'kuyang'ana amuna awo. Mayi ake a mkwati nawo sanali mwana. Anatola chikwama chawo, n'kunena kuti asiya madzi pamoto.

Dzuwa litapendeka Mayi Telala anapinda diresi bwinobwino. Potuluka anaima pamaso pa a Sipanala n'kupinda mawondo mwaulemu.

"Zikomo pondibwereka, achimwene. Mukalola, ndibweranso mawa ndidzamalize mpendero."

Akanawatukwana bwenzi zili bwino. A Sipanala anafuna nthaka ing'ambike alowemo. Anangogwedeza mutu ngati mbuzi.

M'nyumba mutatsala awiri, akazi awo sanakweze mawu.

"Munthu wosamuka uja dzina lake ndani?"

A Sipanala anakanda m'mutu, akazi awo n'kupitiriza.

"Ine ndinavina, bambo. Ndinavina pozungulira chinthu cha mayi wamasiye. Lero ndamuitana ndekha kudzamubwereka chake chomwe, pamaso pa apongozi a mwana wanga. Iye anasiya zake zonse m'madzi n'kupulumutsa diresi lathu, inu mukumuuza kuti madzi anali ndi mphamvu. Mwandivula pagulu."

"Ndikawabweza kukada," anatero a Sipanala, maso ali pansi.

"Kukada? Ayi. Manyazi anga andigwera dzuwa likuswa mtengo. Anunso akugwereni nthawi yomweyo."

Mawa lake masana a Sipanala anakweza makina pawilibala opanda chofunditsa. Njira yopita kwa achemwali a Mayi Telala inkadutsa pabwalo la sukulu penipeni, ndipo anthu anali piringupiringu pa katundu wotola. Palibe anawafunsa kanthu. Anangosiya zimene ankachita n'kumayang'ana utoto wobiriwira uja ukudutsa, wilibala ikulira kwii, kwii. Bambo wina wofukula nawo anati, "Koma matope a kumlatho ndi aukhondo, amabweza zinthu zopentapenta." Ena anaseka chamumtima, ena anayang'ana kumbali chifukwa chowamvera manyazi.

Mayi Telala anawalandira pakhonde. A Sipanala anavula chipewa, n'kuwerama.

"Ndinalakwa, mayi. Ndinkadziwa kuti ndi anu."

"Nanenso ndinkadziwa kuti mukudziwa," anayankha mayiwo. "Mwawasambitsa bwino, zimenezo ndithokoze. Koma chifuwacho mukanachichotsa ndikanalira kawiri. Chinayamba tsiku limene malemu amuna anga anawagwetsa powatsitsa pangolo, ndipo ndi mawu awo okha amene ananditsalira."

Diresi linatha, ukwati unachitika, ndipo aliyense anayamikira kasokedwe kake. A Sipanala anakhala pampando wa bambo a mkwatibwi, jekete ili bwinobwino, koma wina akati diresi lakongola iwo ankayang'ana nsapato zawo. Mayi ake a mkwati anawapatsa moni wa nsonga za zala. Mpaka lero munthu akasiya njinga pashedi pawo amayamba wachotsa pampu ndi belu n'kupita nazo kunyumba, ndipo iwo amangoona. Utoto anapaka, lamba anasintha, njira yakuseri anadutsa, koma anaiwala kuti tsiku limacha. Paja akuluakulu anati ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa, kungakuchere.