Penti Pamwamba pa Dzimbiri

Wojambula zithunzi wina, amene anthu anangomutcha Tamwetulirani, ankadyera pa chipata chakale cha miyala cha m'mbali mwa mtsinje. Akwati onse ankafuna kujambulitsa pamenepo, atatsamira mpanda wa zitsulo zopindapinda ngati maluwa, madzi akuyenda kumunsi. Ana ake ankavala ndi kuphunzira chifukwa cha malo amenewo.

Tsiku lina anapeza a khonsolo atamanga chingwe chofiira pampandapo, ati zitsulo zadyeka ndi dzimbiri, munthu asayandikire mpaka adzakonze. Mkuluyo anapsa mtima. Ankadziwa kuti kukonza kwa anthu amenewo kulibe tsiku, chonsecho Loweruka anali ndi ukwati waukulu. Anadula chingwecho, n'kupaka mpanda wonse penti wakuda dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona.

Mkazi wake atabwera, anagogoda chitsulo chimodzi ndi ambulera, dzimbiri n'kuyoyoka ngati makungwa. Anamuuza kuti penti sachiza chitsulo.

"Mayi a ana, mpanda uwu unaona agogo anga ali mnyamata," anayankha. "Ugwe lero chifukwa cha kachingwe? Eni akewo akabwera adzayankhule ndi ine."

Kunena zoona, Loweruka mpandawo unkawala, moti ngakhale inu mukanatsamira. Koma mkwatibwi anali atamva mphekesera, ndipo anakanitsitsa kuyandikira. Apongozi ake anayamba kung'ung'udza kuti akajambulitse kwina. Tamwetulirani anaona kuti akalola, mbiri ifalikira ndipo chakudya chichoka pakamwa. Anaseka, n'kukwera pampandapo kamera ili m'khosi, kumagwedeza miyendo ngati ali pakhonde pake.

"Mwaona? Ine wonenepa chonchi, nanga inuyo..."

Chitsulo sichinadikire kuti amalize. Chinathyoka m'tsinde, mkuluyo n'kupita chagada, m'madzi khuvu.

Aperekezi a mkwati anamuvuula mkono utathyoka, koma kamera inatsala pansi pa mtsinje ndi zithunzi zonse za ukwatiwo. Ngakhale anali gone pa udzu, matope ali m'makutu, ankalimbikirabe kuti alipo wamukankha. Mkwatibwi ankalira, mkazi wa Tamwetulirani atazyolika ndi manyazi.

M'mawa mwake a khonsolo anatseka chipata chonse ndi malata, ndipo akwati anayamba kupita kwa ojambula ena. Tamwetulirani amadutsabe pamenepo, n'kumasuzumira pampata wa malata penti wake amene mpaka lero akuwala. Pajatu akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.