Galu Wokulira pa Mafuwa

Ku Ntengo-Wambalame, m'dera la Tsangano, palibe amene sawadziwa agalu a bambo Abílio. Pa maonekedwe alibe chokopa: achikuda enieni, owonda m'chiuno, makutu ali njo, mchira wopiringizika ngati nkhata. Koma khola likangotsegulidwa m'mawa, galu mmodzi yekha amatsogolera nkhosa ndi mbuzi kudambo, kuzitchinga kuti zisalowe m'minda ya mbatatesi, n'kuzibweza dzuwa likapendeka, mwini wake ali kutali akulima. Ena amanong'onezana kuti pali mankhwala. Bambo Abílio akamva amangoseka n'kunena kuti mankhwala ake ndi mtima wouma basi.

Chaka china galu wawo wamkazi ataswa, mkuluyu anaitana ana awiri a alongo ake, Felizarda ndi mlongo wake Zito, n'kupatsa aliyense kamwana kagalu kongotsegula kumene maso.

"Ine maondo atha," anatero. "Chaka chamawa pa fera, chionetsero cha alimi chija, pali mpikisano wa agalu oweta. Amene galu wake adzalowetse nkhosa m'khola pamaso pa anthu, nkhosa zanga zonse za mitu yakuda zija n'zake."

Felizarda anatchera khutu. Nkhosa zimenezo anaziweta kuyambira ali kamtsikana, ndipo ankazizindikira iliyonse ndi kaliridwe kake. Ankazifuna ndithu, sankabisa.

"Tsono tamverani," anapitiriza a malumewo. "Kagaluka kazigona m'khola. Kaziyamwa mbuzi, muziigwira miyendo mbuziyo mpaka izolowere. Kakayamba kudya, chakudya chizikapeza m'khola momwemo. Osakanyamula, osakaitanira pakhomo. Kakule kakudziyesa chiweto chinzake. Wamva iwe Feliza? Ndikunena iwe, chifukwa mtima wako ndimaudziwa."

"Ndamva, malume. Nanga n'zovuta zimenezo?"

Zomvera anamvadi, koma inu amene simunagonepo ku Tsangano mwezi wa Junyu musafulumire kumuweruza. Kuzizira kwa kumeneko kumaluma mpaka m'mafupa. M'mawa wina Felizarda atalowa m'khola anapeza kagalu kake kali pakona, kanyowa ndi ndowe, kakunjenjemera n'kumalira mawu osatuluka. Chifundo chinamugwira. Anakafukata mu kapulana, chitenje chake chija, n'kukakaika pafupi ndi mafuwa.

"Lero lokha," anadziuza.

Mawa lake kunazizira koposa, ndiye linakhalanso lero lokha. Mkuja wake chimodzimodzi. Pofika nyengo yotentha kagaluko kanali ndi dzina, Chifunga, kanali ndi chiguduli chakechake chogonera, ndipo kankadziwa kuti chipande chikagogoda pa poto, ngwe ngwe ngwe, ndiye kuti zakudya zapsa. Felizarda ndi amene anakaphunzitsa zimenezo, ndipo ankaseka mpaka misozi poona kakuthamanga makutu ali pakhosi.

Tsiku lina bambo Abílio podutsa anamupeza Chifunga ali gone pakhomo, mutu uli pa mwendo wa mbuyake.

"Kodi mbuzi zako zasamukira m'nyumba masiku ano?" anafunsa.

"Aa, malume, galu ndi galu. Nzeru ali nazo, taonani." Felizarda analiza chala, Chifunga n'kukhala pansi, kenako n'kupereka dzanja ngati mlendo waulemu. "Akakula ndidzamuphunzitsa kuweta. Sabata zingapo zokha zikwana."

"Puronto, chabwino," anatero a malume, n'kupitiriza ulendo wawo. Mkulu ameneyu sankakonda kubwereza mawu.

Tinene zoona, Chifunga anakula galu wokongola. Ubweya unkachita kunyezimira, chifuwa chili tasa. Koma Phulusa, galu wa Zito, anali womvetsa chisoni kumuona: wotuwa, wodzaza chisoso m'mchira, ndipo fungo lake la tonde linkafika munthu asanamuone. Felizarda akakumana ndi mlongo wakeyo sankamusiya.

"Iwe Zito, chako chija n'galu kapena mbuzi yolephera kumera nyanga?"

"Tidzaonera pa fera," ankayankha Zito, yemwe sankadziwa kukangana.

Mvula itatha, Felizarda anayamba kupita ndi Chifunga kudambo. Ankamuimbira likhweru, kumulozera uku ndi uko, m'dzanja atafumbata kachidutswa ka chigumu. Galuyo anagwira msanga. Ankazungulira nkhosa mwaluso, kuzisonkhanitsa, n'kubwera kudzalandira malipiro ake. Felizarda anayamba kale kudula mitengo yokulitsira khola lake.

Tsiku la fera bwalo la mpira linadzaza. Mbali imodzi kunali alimi oonetsa kabichi ndi mbatatesi zikuluzikulu, mbali ina amayi okazinga nyama ya nkhumba pa ziwaya. Kumapeto kwa bwalo anamanga kakhola ka nsungwi. Wa zaulimi amene ankayendetsa mpikisanowo analengeza malamulo: mwini galu aime pa chikhomo osasuntha, m'manja musakhale kanthu, galu yekha atenge nkhosa kuchokera ku goli ina mpaka kuzilowetsa m'kakholako. Bambo Abílio anabwereketsa nkhosa zawo zomwe zija kuti adzukulu awo ayesere.

Anayamba ndi Zito. Anthu anaseka ataona Phulusa, ndipo wina anakuwa kuti amusambitse kaye. Galuyo sanathamange n'komwe. Anangoyenda n'kulowa pakati pa nkhosa, zina n'kumununkhiza, iye n'kuyamba ulendo. Imodzi ikafuna kupatuka ankaigunda ndi phewa n'kuibweza. Panalibe chosangalatsa maso, zinali ngati banja likubwerera kumudzi kuchokera kutchalitchi. Zonse zinalowa, Phulusa n'kugona pakhomo pa kakholako. Zito anangoimba likhweru kamodzi kokha.

Itafika nthawi ya Felizarda, bwalo linachita phokoso. Chifunga anatuluka ngati muvi, kuzungulira nkhosa mbali iyi, kuzungulira mbali inayo, fumbi lili koboo. Anthu anaomba m'manja, amayi ena n'kululutira. Nkhosa zinadutsa pakati pa bwalo zili pamodzi, ndipo Felizarda anayamba kumwetulira moyang'ana kumene kunakhala a malume ake.

Pomwepo mayi wina wokazinga nyama, amene za mpikisano sankazisamala, anagogoda chipande pa chiwaya kuti mafuta ayoyoke. Ngwe ngwe ngwe.

Chifunga anaima nji. Khutu limodzi linatembenuka, kenako mutu wonse. Felizarda anaimba likhweru. Anaimbanso mpaka milomo inauma. Anaitana dzina, anapempha, anaopseza, koma pa chikhomo sakanachokapo. Galu uja anazisiya nkhosa pomwepo, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu, kukafika kwa mayi wa chiwaya, kukhala pansi bwinobwino n'kupereka dzanja.

Bwalo lonse linafa nalo phwete. Nkhosa zitaona kuti zatsala zokha zinalunjika ku mulu wa kabichi, ndipo mwini kabichiyo anazithamangitsa ndi chipewa akutukwana m'zilankhulo ziwiri. Amene anakazitulutsamo anali Phulusa, wosatumidwa ndi munthu.

Felizarda anachita manyazi oti nthaka ing'ambike alowemo. Anathyola kamtengo n'kulunjika kwa galu wake, koma a malume anamugwira mkono.

"Usamumenye, sanalakwe," anatero. "Galu aliyense wapita kwa abale ake. Phulusa abale ake ndi nkhosa. Uyu abale ake ndi mapoto, ndipo amene anamudziwitsa kwa abale akewo ndiwe."

"Ndinkangomumvera chisoni, malume. Kunkazizira."

"Kwa Zito kunkazizira chimodzimodzi, mwanawe. Nayenso ankamva kakulira."

Zito anayang'ana pansi. Sanaseke, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka Felizarda koposa.

M'mawa mwake nkhosa za mitu yakuda zinasamuka. Njira ya kwa Zito imadutsa pakhomo penipeni pa Felizarda, choncho anaziona zonse zikudutsa, Phulusa ali pakati pawo, zikupitirira mitengo ija anadula yokulitsira khola. Nkhosa yaikazi yaikulu, imene iye anaithandiza kubadwa chaka cha mvula yambiri, inaima pang'ono, inalira momuyang'ana, kenako inatsatira zinzake. Apo misozi inamutsika ndithu, sanaibise.

Chifunga anali gone pafupi ndi mafuwa. Atamva kulira kwa nkhosa anadzutsa mutu, kuyasamula, n'kuyang'ana poto ngati muli kanthu.

Akuluakulu sananame: m'mera mpoyamba.