Kalediyeta ka pansi pa bedi

Ana inu mumayesa miyambi yonse idabadwa anthu akuvala nyanda. Ayi ndithu. Uwu udabadwira pamsewu wa Khwekhwerere, ndipo adauona ndi maso awo ndi a Zakeyu, makaniko wa pa Golomoti.

A Zakeyu adali ndi mlamu wawo, a Kadzuwa, munthu wabwino koma wotopetsa ngati nsabwe. A Kadzuwa adagula kaminibasi ka otomatiki, n'kukamangirira ngolo kumbuyo. Ankakwera phiri ndi matumba a mpunga, n'kutsika ndi kachewere. Tsiku lina a Zakeyu adasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, n'kupeza wada bii, akununkha ngati ndiwo zopserera. Adawauza alamu awo kuti galimotoyo sadaipangire kukoka ngolo pachitunda, oyiloyo akuwira, ndipo pakufunika kalediyeta kena kakang'ono komuziziritsa.

A Kadzuwa sadatsutse, ndipo n'zimene zinkapsetsa mtima. Munthu wotsutsa umakangana naye n'kuthana nazo, koma awa ankangovomera. Adakagula kalediyetako ku Lilongwe, n'kukaika pansi pa bedi. Chotsala chidali kuimika galimoto tsiku limodzi lokha kuti akamangirire. Koma tsikulo lipezeke? Lero amati kuli msika ku Lizulu, mawa ku Bembeke, mkuja kabichi wa anthu afota. Lamulungu amati Mulungu adaletsa ntchito. A Zakeyu adalankhula mpaka kukhosi kuuma, adatumako mlongo wawo, mkazi wa a Kadzuwa, adalonjeza kugwira ntchitoyo ulele, koma yankho lidali lomwe lija lakuti sabata yamawa. Anthu adayamba kuwatchula a Kadzuwa kuti a Zengerezu, eni ake n'kumaseka.

Miyezi isanu idatha choncho. Kenako lidafika tsiku la ukwati wa Tadala, mwana wamkazi yekhayo wa a Kadzuwa. Ukwati umakadalitsidwa kutchalitchi cha kwawo kwa mwamuna, pamwamba pa phiri, ndipo bamboyo adalumbira kuti mwana wawo akamupereka ndi dzanja lawo. M'galimoto mudadzaza anthu, m'ngolo mipando, miphika ndi mbuzi ziwiri.

"Alamu, tsitsani ngoloyi. Dzuwa lake ndi ili, simukafika," adatero a Zakeyu.

"Lero lokha, alamu. Lolemba ndibweretsa mumange."

A Zakeyu adakwera nawo, ulendo n'kuyambika. Atakhota kachisanu, galimoto idayamba kulira kwambiri koma osathamanga. Fungo la oyilo wopserera lidalowa m'kati. Idayamba kukwawa mpaka mayi wina wosenza nkhuni adaipitirira, n'kupereka moni. Kenako idaima, oyilo akuchucha pa tala.

Nthawi idali itatha, ndipo abusa adali ndi maukwati ena atatu. A Zakeyu adaimitsa njinga zamoto ziwiri, ina yawo, ina ya Tadala. Tadala adakwinya diresi lake loyera n'kukwera, misozi ili mbwembwembwe. A Kadzuwa sakadasiya galimoto yodzaza anthu pachitsetse chotero. A Zakeyu atacheuka adawaona akukwawa ndi maondo kulowa pansi pa galimoto, suti yatsopano ili m'fumbi, akupinga matayala ndi miyala.

Amene adamupereka Tadala kutchalitchi adali amalume ake, a Zakeyu. Bambo ake adafika madzulo pa lole ya makala, anthu akutsuka mbale. Mwana wawo adawagwadira, n'kungofunsa kuti, "Ababa, tsiku limodzi lokha lidasowa?"

A Zakeyu, ukali usadathe, ndiwo adauza anthu kuti: Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tanthauzo lake n'lakuti wozengereza amadikira mpaka zinthu zitamugwetsa pansi, ayambe kukwawa pomwe akadayenda chilili. Kudziwa chochita sikupulumutsa munthu, ngakhale kugula chida. Ntchito ukaimana tsiku lako, imadzasankha yokha tsiku, ndipo imasankha lomwe umalikonda koposa.