Linah anakhotera ku Mfuwe

Pa ofesi ya a Haswell Nyirenda, ogula fodya ndi mtedza pa boma la Lundazi, antchito ankayenda monyang'ama. Bwanayo akatsokomola, ngakhale kalaliki wamkulu ankaiwala dzina lake. Atagula ndege yawoyawo analemba ntchito Linah Mtonga, mwana wa ku Chikomeni, kuti aziiyendetsa. Anthu anamuchenjeza kuti akalowa m'kamwa mwa mkango. Iye anangoseka.

Lachiwiri lina m'mawa ananyamuka kupita ku Lusaka, kumene a Haswell ankayembekezeredwa pa msonkhano wa ogula fodya. Ali pamwamba pa nkhalango ya Lukusuzi, magetsi a kutsogolo anaphethira kawiri n'kuthima. Wailesi inati zii. Kenaka m'ndegemo munamveka fungo la waya wopserera.

Linah anapendeketsa ndege kulowera kumadzulo.

“Iwe, Lusaka ili uku! Ukupita kuti?” anakalipa a Haswell.

“Malaiti afa, bwana. Titela pa Mfuwe.”

“Injini ikulila bwinobwino! Ndeke ni yanga. Ukatela pa Mfuwe, nchito yasila!”

“Isile,” anayankha Linah osacheuka. “Mangani lamba. Pansi mukanichotse, koma kuno kumwamba mukumvela ine.”

A Haswell anamenya mpando, natchula makolo ake a mtsikanayo mmodzimmodzi. Utsi unayamba kutuluka pansi pa mawotchi a ndegeyo, woonda ngati ulusi. Thukuta linkamulowa Linah m'maso. Analondola njira ndi kampasi yaing'ono ndiponso maso, mpaka anaona mtsinje wa Luangwa. Magudumu anawatsitsa ndi chogwirira cha pamanja. Ndege inagunda pansi, inanjanja kamodzi, n'kukaima kumapeto kwa bwalo la Mfuwe.

Makaniko wa pabwalopo atatsegula pansi pa mawotchi paja, anatulutsa mtolo wa mawaya osungunuka, akuda bii. Anati moto unali utatsala pang'ono kugwira paipi ya mafuta. A Haswell anayang'ana mawayawo nthawi yaitali.

“Amama,” anatero motsitsa mawu, “zija nakamba kumwamba, zisiyeni.”

Linah anakoleka chikwama paphewa. “Nizabwela pa nchito ngati mwamva ici: nikati titela, titela. Mukakana, ine napita, minibasi za ku Chipata zilipo zambili.”

Munthu amene sankagonjera aliyense pa Lundazi anagwedeza mutu kuvomera, makaniko akuona. Wokwatira kwa mphenzi saopa kung'anima.