Ng'ombe Zimene a Zondwayo Anabweza

Manong'onong'o anayambira pachigayo cha ku Manyamula, ndipo pofika Lachisanu ngakhale ogulitsa tomato anali atawamva. Ati zipani ziwiri zagawana dziko ngati nyama ya pa ukwati: upulezidenti upita kumwera, wachiwiri wake achokera kumpoto kuno, kuonjezerapo mipando isanu ya unduna. Ati ntchito za boma mu Mzimba zikhala za ana a konkuno, obwera alongedze.

Nkhaniyi inawalowa m'mafupa a Zondwayo Jere. Musawaseke msanga, bambowa anali ndi chilonda. Anyamata awo awiri anakhoza mayeso bwinobwino, koma ku yunivesite sanasankhidwe, ati chifukwa ndi a kumpoto, mpaka lero akungolima. Ndiye Gordon, mnyamata wokopa anthu wa mgwirizano wa zipanizo, akafika pa njinga yamoto, ankawakanda poyabwa penipeni.

"Adada, ulendo uno tidyera nawo m'mbale imodzi. Ine malo andisungira kale mu ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti. Mbwenu mavuto atha!"

Tsono m'khola mwa a Zondwayo munali ng'ombe zitatu za Malizani, mphunzitsi wochokera ku Dowa. Kwawoko salowola, koma pofuna Christobel, mwana wamkazi wa a Zondwayo, anadzimana zaka ziwiri mpaka anagula ng'ombezo. Ukwati unali woti uchitike anthu akakolola.

Tsiku lina a Zondwayo anamuponyera Malizani malaya a mgwirizano.

"Amkamwini, valani awa Loweruka, mukaime pansanja. Anthu aone kuti a m'chigawo chapakati nawonso ali nafe."

Malizani anagwada. "Yewo chomene, bambo, koma mphunzitsi saloledwa kuvala za chipani. Komanso voti ndi chinsinsi cha mumtima."

"Chinsinsi? Ndiye kuti mumtimamo mwabisa akwanu aja, amene akhala akudya okha ife tikuyang'ana!"

Gordon anasonkhezera moto. Anati mphunzitsiyo abwezedwa kwawo chisankho chikangotha, nanga mwana apite kuchilendo bwanji pamene anyamata a tsogolo lowala ali pakhomo pomwepa? Polankhula zimenezi n'kuti akukonza kolala yake.

Mayi a Christobel, a NyaSoko, anawagwira mwendo amuna awo. "Ndapota, a Jere, ng'ombe zikalowa m'khola sizituluka chifukwa cha malaya." Koma ayi ndithu. Ng'ombe zinabwezedwa dzuwa likuswa mtengo, kudutsa pamsika, tsiku la msika lenilenilo! Malizani anazilandira pabwalo la sukulu ana akusuzumira m'mawindo. Christobel sanatuluke m'nyumba sabata yathunthu.

Tsiku lovota a Zondwayo anatsogolera mudzi wonse, ndi nkhalamba zomwe pangolo. Mgwirizano unapambana, ingoma inavinidwa mpaka fumbi kobo.

Sipanathe miyezi inayi, atsogoleri a zipani zija anakangana ku Lilongwe. Wakumpoto uja anamukankhira pambali, mipando isanu ija inasanduka iwiri. Foni ya Gordon inasiya kulowa. Kenako zinamveka kuti wakwera basi ya ku Joni.

Malizani palibe anamuthamangitsa. Anapempha yekha kusamuka chifukwa cha manyazi, ng'ombe zake anakweza pa lole. Patapita sabata, Christobel anamanga chikwama, nakwera matola kumulondola.

A Zondwayo anayamba kuwonda. Anadzichepetsa, nalemba kalata yopepesa, kupempha kuti ng'ombe zibwerere, ukwati uchitike mwa mwambo, mwana wawo amuperekeze okha. Yankho linabwera lalifupi, m'dzanja la Christobel:

"Adada, sindikukusungirani mangawa. Koma tinadalitsa kale ukwati kutchalitchi, anandiperekeza ndi anthu akuno. Ng'ombe tinagulitsa, tafolera nyumba."

Anaiwerenga kawiri, naipereka kwa a NyaSoko.

Akuluakulu sananame: fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Koma nenani zoona, mukanakhala inu, ndi chilonda ngati chawocho, mukanatseka khola kuti ng'ombezo zisatuluke?